Akanena kuti “quaint”, akuyamikira kapena akuderera?

“Aphunzitsi, ndine mayi wa ku Dedza. Ndili ku England chaka chachiwiri tsopano, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'dera la Gloucestershire. Pali mawu amene akundisowetsa mtendere. Tsiku lina tinapita ndi agogo amene ndimawasamalira ku Bibury kukamwa tiyi. Mwana wawo atayang'ana malo omwera tiyiwo anakwinya mphuno n'kunena kuti ndi ‘a bit olde worlde’. Agogo anati ayi, ndi ‘quaint’, ndipo amawakonda. Patapita masiku ndinaonetsa mnzanga wa kuntchito chithunzi cha nyumba ya amayi anga, yofolera ndi udzu, nkhokwe ili pambali. Anamwetulira n'kuti ‘Oh, how quaint!’ Ine ndinasangalala. Koma sabata yatha abwana athu anandiona ndikupereka mankhwala kwa agogo ndi manja awiri nditapinda bondo, n'kuuza anzanga kuti ‘It's so quaint, the way she does that’, onse n'kuseka. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Kodi anandinyoza? Foni ikungondiuza kuti ndi zokongola zachikale. Nanga m'Chichewa tingati chiyani?”

Zikomo Mayi chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale m'malo: palibe anakutukwanani, ndipo kupatsa munthu wamkulu chinthu ndi manja awiri si khalidwe lochititsa manyazi kwina kulikonse. Komabe sindingakuuzeni kuti mwadandaula pachabe. Khutu lanu linamva bwino. Mawu amene anatuluka pakamwa pa agogo, pa mnzanu ndi pa abwana ndi amodzimodzi, koma katundu amene anasenza maulendo atatuwo ndi wosiyana. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, kenaka ndinalowa ntchito yomasulira, ndipo ndaona kuti “quaint” ali m'gulu la mawu amene mtanthauziramawu amangokupatsa theka lake, theka linalo limatsala pankhope ya wolankhula.

Njira yachidule yowamvetsera ili m'chilankhulo chathu chomwechi. Taganizirani za “ka” uja timaika kutsogolo kwa dzina. Mayi akanyamula khanda n'kuti “kamwana kanga”, ndi chikondi chokhachokha. Mlendo akafika pakhomo n'kuti “kanyumba kabwino bwanji”, eni ake amasangalala, ngakhale pansi pa mtima amva kuti awauzanso kuti nyumbayo ndi yaing'ono. Koma wina akati “kamphunzitsi kaja”, kapena “timiyambo tanuto”, palibe amafuna womumasulira. “Ka” ndi yemweyo, amene wasintha ndi chinthu chimene wamumatikapo. Pa khanda ndi pa nyumba kuchepetsa kumakoma. Pa munthu wamkulu ndi pa chikhulupiriro chake kumaluma.

“Quaint”, amene amatchulidwa ngati “kweyinti”, amagwira ntchito yomweyo, kungoti iye kuchepetsako amakuphatikiza ndi ukale. Chinthu chikatchedwa chomwecho ndiye kuti ndi chachikale, n'chosazolowereka kwa wolankhulayo, chikumukomera m'maso, komanso ndi chaching'ono moti sichingamuopse kapena kupikisana naye. Mbali yomalizayi ndi imene foni yanu inasiya. Umboni wake ndi wosavuta. Tower of London anayamba kuimanga m'zaka za m'ma 1070, ndipo ndi yakale kuposa nyumba iliyonse ya ku Bibury, koma simudzamva Mngerezi akuti ndi “quaint”. Ndi yaikulu, inali ndende, pafupi pake ankadulirapo anthu mitu. Mawuwa amawasungira kamlatho, kanjira kopapatiza, kasitolo ka pakona, katchalitchi ka kumudzi.

Sanayambe ndi tanthauzo limeneli. Analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, “cointe”, pambuyo poti anthu a ku Normandy agonjetsa England mu 1066, ndipo muzu wake ndi mawu a Chilatini akuti “cognitus”, kutanthauza chodziwika. N'chifukwa chake ali pachibale ndi “acquaintance”, munthu amene umangodziwana naye. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 munthu “quaint” anali wochenjera, waluso, nthawi zina kathyali. Chovala “quaint” chinali chosokedwa mwaluso. Pang'ono ndi pang'ono tanthauzo linasendera ku chinthu chachilendo, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi pamene linakhazikika pa chachikale chopatsa kaso. Ine ndimaona kuti nthawi imeneyi ikutiuza zambiri. Ndi nthawi imene mafakitale ankadzuka ku Manchester ndi ku Birmingham, anthu akusiya minda kuthamangira m'tauni, moti pofika kalembera wa 1851 anthu oposa theka ku England ndi Wales anali a m'tauni. Munthu amayamba kuona mudzi ngati chithunzi akachokamo. Amene ali m'katimo, akusenza madzi ndi kuwaza nkhuni, sanena kuti mudzi wawo ndi “quaint”. Ndi mawu a woonerera.

Malo amene munapitako aja ndi chitsanzo chabwino. Mzere wa tinyumba tamiyala wotchedwa Arlington Row, umene aliyense amajambula ku Bibury, unamangidwa cha m'ma 1380 ngati mosungira ubweya wa nkhosa, ndipo m'zaka za m'ma 1600 anausandutsa nyumba za anthu owomba nsalu. Anali anthu ogwira ntchito yakalavulagaga, okhala mopanikizana. Lero mzerewo uli m'manja mwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, ndipo chithunzi chake chinaikidwapo m'kati mwa pasipoti ya dziko la Britain. Mu 2015 alendo anayamba kudandaula pa intaneti kuti galimoto yachikasu ya mkulu wina wokhala pomwepo ikuwaonongera zithunzi. Kumayambiriro kwa 2017 anthu osadziwika anaikalakala ndi kuiswa magalasi. Anthu ena zinawakhudza, ndipo mu April chaka chomwecho magalimoto achikasu pafupifupi 100 anadutsa m'mudzimo posonyeza kuti ali mbali ya mkuluyo. Nkhaniyi ndimaikonda pophunzitsa chifukwa imaonetsa mathero a maso oterewa: chithunzi chimayamba kufunika kuposa munthu wokhala m'chithunzimo.

Tsopano “olde worlde”. Awa ndi osavuta, chifukwa mbola yawo ili poyera. Amatchulidwa ngati “oldi weldi”, mwadala, poseka kalembedwe kake. Kale kwambiri, kalembedwe ka Chingerezi kasanakhazikike, mawu ambiri ankathera ndi “e”. Eni masitolo ndi malo omwera mowa a m'zaka za pambuyo pake anayamba kumatika “e” ameneyu pa zikwangwani kuti malo awo aoneke amakedzana: “Olde”, “Shoppe”, “Fayre”. Pofika m'ma 1920 anthu anali atatopa nazo, n'kupanga mawu akuti “olde worlde” onenera ukale wochita kupanga, wokopera makasitomala. Choncho mwana wa agogo uja ankanena kuti malowo akudzikongoletsa ndi ukale wabodza: mitanda yakuda yongomata pakhoma, maketulo amkuwa opachika amene sanaphikepo tiyi, zinsalu zamaluwamaluwa. Amayi ake ankanena kuti ayi, ndi ukale weniweni ndipo ukundikomera. Mkangano wawo unali pa funso limodzi, loti n'zenizeni kapena n'zochita kupanga.

Mukamayenda mudzaona zikwangwani zoyamba ndi “Ye Olde”. “Ye” ameneyo ali ndi mbiri yake. Chingerezi chakale chinali ndi chilembo chotchedwa “thorn”, cholembedwa chonchi þ, choimira liwu limene lero amalemba “th”. M'zolemba zamanja chinkafanana kwambiri ndi “y”. William Caxton atabweretsa makina osindikizira ku Westminster mu 1476, zilembo zachitsulo zinkachokera kutsidya la nyanja, kumene chilembochi sankachigwiritsa ntchito, ndiye osindikiza anazolowera kuika “y” m'malo mwake. Owerenga a nthawi imeneyo ankatchulabe kuti “the”. Otchula kuti “yi” ndi anthu a masiku ano. Chilembo chenichenicho chikadalipo m'chilankhulo cha ku Iceland. Komabe chikwangwani cha “Ye Olde” sichitanthauza bodza nthawi zonse. Ye Olde Cheshire Cheese, malo omwera mowa a mu Fleet Street ku London, anamangidwanso mu 1667 moto waukulu wa 1666 utapsereza mzindawo, ndipo ndi akaledi. Ye Olde Trip to Jerusalem ku Nottingham analemba 1189 pakhoma, koma akatswiri a mbiri sapeza umboni wa chaka chimenecho. Pamene sitolo ya Liberty ku London, yooneka ngati ya nthawi ya mafumu akale a banja la Tudor, inamalizidwa mu 1924, ndi matabwa ochokera ku sitima ziwiri zakale zankhondo.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mukachotsa ma “e” awiriwo tanthauzo limatembenuka. “Old-world charm” ndi chiyamikiro chenicheni, ndipo mwamuna wa “old-world courtesy” ndi waulemu wachikale umene wolankhulayo akuusirira. Abwana anu akanagwiritsa ntchito mawu amenewa, bwenzi kalatayi musanalembe. Pali achibale ena awiri amene mudzawamva m'dera lanulo. “Twee” anachokera ku mmene mwana amatchulira “sweet”, ndipo amanena chinthu chotsekemera mpaka kukola. Amenewa ndi onyoza basi. “Chocolate-box” amanena malo okongola ngati zithunzi zimene ankajambula pa mabokosi a chokoleti, mchitidwe umene Richard Cadbury anautchukitsa m'ma 1860. Otsatsa nyumba amawanena monyadira, ena amawanena moderera.

Tibwere ku chithunzi cha amayi anu. Ine ndikukhulupirira kuti mnzanuyo anayamikira ndi mtima wonse, ndipo chifukwa chake ndi dengalo. Ku England denga laudzu ndi la anthu opata. Amafolera ndi bango kapena mapesi a tirigu, amisiri ake ndi ochepa ndipo amalipiritsa ndalama zambiri, inshulansi yake ndi yokwera chifukwa cha moto. Mngerezi akaona denga loterolo amaona nyumba imene amalakalaka atapumiramo ntchito. Ife tikaliona timaona zina: kumweta udzu m'chilimwe, kufolera mvula isanagwe, mabeseni otchera madontho mu January, chiswe m'mitengo ya denga. N'chifukwa chake mwana akayamba ntchito, chinthu choyamba chimene amafuna kugulira makolo ndi malata, ndipo sindikayika kuti nanunso nkhani ya malata ili m'mutu mwanu mukamatumiza ndalama. Mnzanuyo anaona kukongola kumene kulipodi, koma sanaone thukuta. Si mlandu. Mukafuna, tsiku lina mudzamufotokozere ntchito ya nkhokwe, kuti mmenemo ndimo muli chakudya cha banja chaka chonse. Anthu ambiri akamva zimenezi amasiya kumwetulira kwa woonerera n'kuyamba kufunsa mafunso enieni.

Za abwana ndi zina, ndipo apa ndichedwapo. Pali zizindikiro zitatu zimene zikundidetsa nkhawa. Mawuwo anagwera pa khalidwe lanu, osati pa nyumba kapena kamlatho. Ananena za inu kwa anthu ena inu muli pomwepo, m'malo molankhula nanu. Ndipo mapeto ake anali kuseka. Pamenepo “quaint” wasiya kukhala “kanyumba kabwino”, wasanduka “kamwambo kake aka”. N'kutheka ndithu kuti abwanawo sanafune kukupwetekani. Angerezi ambiri akaona chinthu chowakhudza mtima koma chachilendo amathawira ku nthabwala, ndipo mwina ankaganiza kuti akukuyamikirani. Koma munthu wodziwa bwino Chingerezi, akumva chiganizo chimenecho, angakuuzeni kuti muli kuderera, kufuna kapena kusafuna.

Kuti muone kulemera kwa mawuwa akagwera pa mfundo kapena lamulo, tengani nkhani ya ku America. Mu January 2002, Alberto Gonzales, amene anali loya wa Pulezidenti George W. Bush, analemba kalata yonena kuti nkhondo yatsopano yolimbana ndi zigawenga yachititsa mfundo zina za mapangano a ku Geneva, okhudza akaidi ogwidwa pankhondo, kukhala “quaint”. Kalatayo itatuluka poyera, liwu limodzi limeneli linautsa mapiri pachigwa, ndipo linamutsata mpaka pamene ankafunsidwa mafunso asanakhale mkulu wa zamalamulo m'boma mu 2005. Sanatukwane aliyense. Anangonena kuti mfundozo ndi tinthu takale tabwino toika pashelefu. Ndi mmene mawuwa amachitira: satsutsa mfundo yako, amangoichotsa pabwalo la zokambirana. Mngerezi akakuuzani kuti “what a quaint idea”, dziwani kuti maganizo anu sawatenga.

Ndiye muchite chiyani? Ngati zinachitika kamodzi, ndipo abwanawo masiku onse amakulemekezani, mukhoza kuzisiya, ndipo simunagonje potero. Ngati zikukudyanibe, njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi kufunsa mofatsa, nkhope ili gwa koma yopanda mkwiyo: “What do you mean by quaint?” Funso limeneli limabweza katunduyo kwa mwini wake. Wopanda chiwembu amafulumira kufotokoza kuti zinamusangalatsa, nthawi zambiri n'kupepesa. Wachipongwe amachita chibwibwi, ndipo kawirikawiri sabwerezanso. Mukhozanso kungonena chiganizo chimodzi: “It's how we show respect to elders where I come from.” Liwu lakuti “respect” ndi lolemera pantchito yanu, chifukwa ulemu kwa wosamalidwa ndi maziko a maphunziro onse a osamalira okalamba kumeneko, ndipo amaphunzitsanso kuti munthu wokhala pampando usamulankhule uli chilili pamwamba pake, utsike mufanane maso. Chimene ena amachiphunzira m'kalasi inu munachiphunzira kwa amayi anu ku Dedza. Nkhani imeneyi mukakambirane ndi abwanawo pa awiri, osati pagulu. Ndipo musasiye kupinda bondo chifukwa cha kuseka kwa tsiku limodzi, pokhapokha agogowo atanena okha kuti sakumasuka nazo, pakuti ulemuwo ndi wawo.

Koma zikayamba kubwerezabwereza, lero kaperekedwe kanu ka mankhwala, mawa katchulidwe kanu ka mawu, mkuja nsima imene mwabweretsa, ndiye kuti si nkhani ya mtanthauziramawu ayi. Yambani kulemba m'kabuku tsiku, mawu enieni amene ananenedwa, ndi amene analipo. Lamulo la Equality Act la 2010 limateteza wogwira ntchito ku nkhanza zokhudza mtundu, khungu kapena dziko limene anachokera, ndipo limayang'ananso mmene mawuwo anakukhudzirani, osati cholinga cha wonenayo chokha. Pantchito panu payenera kukhala ndondomeko yoperekera madandaulo. Ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito monga UNISON kapena GMB, yambirani kwa nthumwi yake. Mabungwe a Acas ndi Citizens Advice amapereka uphungu waulere. Nthawi yokasumira nkhani za pantchito ndi yaifupi, choncho musazengereze kufunsa. Ndikudziwa kuti abale athu ambiri osamalira okalamba chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chimadalira owalemba ntchito, ndipo mantha amenewo amatseka pakamwa. Pa chifukwa chomwecho, musasiye ntchito mwaphuma musanalankhule ndi mlangizi wovomerezeka wa nkhani za olowa ndi otuluka. Ine ndine wa chilankhulo. Za malamulozo akakuunikireni eni ake.

Inuyo mukafuna kugwiritsa ntchito mawuwa, malo otetezeka ndi kamudzi, kamsewu, kasitolo, kamlatho ka ku Bourton-on-the-Water. Nyumba ya munthu amene mukulankhula naye ndi pamalire: ena amasangalala, ena amamva kuti mwati ndi yaing'ono ndi yotsalira, ndiye “lovely” kapena “charming” ndi abwinopo. Pa mapemphero a munthu, maganizo ake, kalankhulidwe kake, kapena pa agogo amene mukuwasamalira, musayerekeze. Ndimakumbukira mtsikana wina wanzeru wa Fomu 4 amene anabwera ndi kalata yothokoza mayi wa kunja amene ankamulipirira fizi. Analemba kuti akuthokoza chifukwa cha “your quaint advice”, poganiza kuti akunena malangizo anzeru a munthu wamkulu. Zaka 700 zapitazo akanakhala kuti walondola. Tinakhala pansi n'kusintha kukhala “wise”, kalatayo isanapite ku positi. Kuyambira pamenepo ndimauza ophunzira kuti mawu atsopano asamangowatola m'mtanthauziramawu, aziona ziganizo zachitsanzo ndi timawu tochenjeza monga “disapproving” kapena “humorous” timene amalemba pambali.

Funso lanu lomaliza ndi limene limandivuta kwambiri monga womasulira, chifukwa liwu limodzi lofanana nawo ndendende tilibe. Tili ndi “chachikale” ndi “chamakedzana”, amene amangonena msinkhu. Tili ndi “chamgonagona”, amene ali ndi ulemu wambiri kuposa “quaint”. Tili ndi “chachimidzi”, amene amanyoza mopitirira, popeza mulibe kukoma kulikonse. “Quaint” amakhala pakati pa “chopatsa kaso” ndi “chachimidzi”, ndipo amasendera uku kapena uko malinga ndi chimene akunena. Ndinkamasulira kabuku kokopa alendo, momwe mlembi anatchula Zomba kuti ndi “quaint”, chifukwa cha nyumba zake za nthawi ya atsamunda zimene zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ndinalemba kuti “mzinda wa nyumba zamgonagona zopatsa kaso”, ndipo kuchepetsa kuja ndinakusiya dala, chifukwa owerenga ake anali eni mzinda. Mawu a agogo aja ndingawamasulire kuti “Ayi, ndi kamalo kachikale kosangalatsa.” A mwana wawo, “Ukale wake ndi wochita kupanga uwu.” A mnzanu, “Kanyumba kachikale kokongola bwanji!” A abwana, ndikafuna kusunga zonse zimene zinalimo, kukoma ndi mbola yomwe, ndingati “Kakhalidwe kake kachikale aka kamandisangalatsa bwanji.” Muwerengeni mokweza chiganizo chomalizachi, muganize kuti akunena za inu pamaso pa anzanu, ndipo mumva chimodzimodzi chimene munamva tsiku lija.